Ulusi wochokera ku Mbombwe

Chimene chinatitsekulitsa bokosi lachitsulo la amayi aakulu ndi mvula. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi analowera pansi pa chitseko cha nyumba yawo ku Chigumula n'kugona m'chipinda masiku atatu. Dzuwa litatuluka tinanyamulira zonse pabwalo kuti ziume: mabulangete, Baibulo lothothoka chikuto, makadi a chipani a nthawi ya Kamuzu omatirirana ngati masamba a fodya. Pansi penipeni, m'kathumba ka nsalu, munali zinthu ziwiri. China chinali kadiresi ka khanda, kamene kale kanali koyera koma tsopano kanasanduka mtundu wa tiyi wamkaka. China chinali kachitsulo kovala kuchala posoka, kotha pamwamba mpaka kumalowetsa kuwala ukakaloza kudzuwa.

"Usakafinye, kangang'ambike," anatero amayi aakulu ataona kuti ndagwira kadiresiko. "Zimenezo n'za ku Mbombwe. Paja ife ndife a kwa Ida."

Mawu amenewa ndinakula nawo. Ankatuluka pamaliro, usiku anthu akunja atagona, mbumba yokhayokha itatsala mozungulira moto. Ankatulukanso mtsikana akatha msinkhu, pomulangiza kuti azidzilemekeza. Nthawi zonse ankanenedwa motsitsa mawu. Ida ameneyu ndi mkazi wa John Chilembwe, ndipo ife ana tinkangolandira monga umalandirira mfunda wako, osafunsa kumene unachokera. Amene anafunsa ndi mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7, tsiku lomwelo tikuyanika katundu. Anati, "Amayi, Ida anabereka ndani, ndiye ameneyo anabereka ndani, mpaka kudzafika pa ine?" Ndinayamba kuwerenga ndi zala, ndipo chachinayi chitapindika ndinaima.

Funsolo silinali lachibwana. Kuno ku Blantyre, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, kaya ndiwe Mmang'anja, Mlomwe kapena Myao, munthu amawerengedwa kuchikazi. Mwamuna amabwera kudzakhala pachikamwini, ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo akadwala kapena kupalamula woyamba kuuzidwa ndi malume wawo. Tikamati awa ndi a bele limodzi timatanthauza kuti ukatsatira amayi, amayi a amayi, n'kumapitirira chomwecho, ukathera pa mkazi mmodzi, tsinde la onse. Munda umayenda njira yomweyo, manda nawonso. Choncho kunena kuti ndife a kwa Ida n'kunena kuti pali mzere wa akazi obadwa mwa akazi wochokera pachifuwa chake kudzafika pakhonde lathu. Amayi aakulu anawerenga nane: ine, malemu amayi anga, agogo, ndi amayi a agogo, amene iwo anawaona ndi maso ali mtsikana, nkhalamba yaifupi imene inasoka mpaka maso anachita mdima. "Iwowo ndi amene ankati amayi awo ndi Ida." Kupitirira pamenepo panalibe wina woti n'kumutchula.

Ndinayamba ndi mapepala. Kuchoka ku Chigumula kupita ku Mandala ndi maminibasi awiri, wosinthira ku Limbe n'kutsetsereka ndi msewu wa Masauko Chipembere. Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, imasunga laibulale ya Society of Malawi m'chipinda cham'mwamba. Pamalo omwewa ndi pamene anthu a Chilembwe anafika usiku wolowera pa 24 Januwale 1915 kudzathyola mosungira mfuti, n'kuthawa ndi zochepa chabe. Ndinakhala pafupi ndi zenera ndi buku lalikulu la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la mu 1958, pamodzi ndi ena angapo.

Za John zilimo zodzaza dengu. Akuti anayamba kugwira ntchito kwa Joseph Booth mu 1892, anapita naye ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo anabwerera mu 1900 kudzatsekula Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America. Makalata ake alimo, ngongole zake zilimo, ngakhale mphumu imene inkamuvutitsa ilimo. Za Ida umachita kutolera ngati khunkha m'munda mokolola kale, mzere apa, mzere apo. Asanakwatiwe ankatchedwa Ida Zuao. Ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Anamwalira mu 1918 ndi chimfine chachikulu chija chimene chinasesa dziko lonse lapansi nkhondo yoyamba ikutha. Anabereka ana aamuna awiri, John ndi Donald, ndi wamkazi mmodzi, Emma, amene anamwalira akadali wamng'ono.

Ndinawerenga mzere womalizawo katatu, nkhongono zitazizira. Ngati mwana wamkazi yekhayo anatsogola ali wamng'ono, ndiye kuti bele la Ida linathera pomwepo. Ana a ana aamuna, m'chiwerengero chathu, ndi a mbumba za amayi awo. Palibe njira imene amayi a agogo anga akanabadwira mwa iye. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mitengo ya pabwalo la Mandala, ndikuganiza za amayi aakulu ndi mmene amatsitsira mawu akamatchula dzinalo.

Chimene chinandibweza mtima ndi chithunzi. Pali zithunzi zochepa za Ida zimene zinapulumuka. Pa china ali ndi mwamuna wake ndi mwana, atavala diresi lalitali lobisa khosi ndi mapazi. Pa china ali ndi gulu la amayi amene ankawaphunzitsa kusoka. Mawu a pansi pake amatchula iye yekha, ndipo naye amamutchula ndi dzina la mwamuna wake. Enawo ndi nkhope chabe. Ndinayandikiza maso mpaka nkhopezo zinasanduka timadontho takuda ndi toyera, ndikufunafuna chibwano cha amayi aakulu, mphumi ya agogo. Pepala silinandiyankhe, koma linandiuza kuti pafupi ndi Ida panali atsikana, ndipo anali ndi singano m'manja.

Pobwerera kondakitala anandipatsa chenje cha K500 ndi K200. Pa yoyambayo pali Chilembwe, monganso pa K2,000. Pa inayo pali Rose Chibambo, mkazi yekhayo pa ndalama zathu zapepala, amene anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Iye anakhala ndi moyo mpaka 2016, ndipo anafotokoza yekha nkhani yake kwa ofunsa. Ida anapita asanafunsidwe ndi aliyense.

Ulendo wa ku Mbombwe ndinauyenda mu Julayi, tsiku la chiperoni. Ndinasankha dala nthawi imeneyi, poti pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, kumadzaza magalimoto a boma, makwaya ndi nkhata za maluwa, ndipo munthu wofuna kucheza ndi nkhalamba sangapeze poyambira. Amayi aakulu anandiperekeza mpaka pampanda. Anali asanapondeko ku Mbombwe chibadwire, ngakhale kuti ndi ulendo wosakwana maola awiri. Agogo nawonso anamwalira asanapiteko. Nditafunsa chifukwa chake anangoti, "Sitinkapitako basi." Kenako anamasula kansonga ka chitenje n'kundipatsa kachitsulo kaja. "Aka upite nako. Kadiresi katsale, sikayenda."

Nkhungu inali itaphimba msika wa Chigumula moti ogulitsa tomato ndi kabichi wochokera ku Bvumbwe ankangooneka ngati zithunzithunzi, atafunda zitenje kumutu. Ku Limbe oitanira anali atayamba kale kulimbirana anthu. Ndinakwera ya msewu wa Midima, wopita ku Mulanje, n'kukhala pampando wa kumbuyo pakati pa mayi wonyamula ndowa ya mandasi ndi mnyamata wa yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi. Tinakwera chitunda cha Bangwe nyumba zitapanikizana mbali zonse, kenako mzinda unatha mwadzidzidzi, kunja kunatseguka. Minda inali itakololedwa, kutatsala nandolo yekha ali chilili pakati pa mapesi. Kumanzere phiri la Chiradzulu linkatuluka m'nkhungu n'kubisalanso.

Dziko limeneli ndi lokongola, koma ndi lothina, ndipo kuthinako kuli ndi mbiri. Azungu atadzigawira malo kumapeto a zaka za m'ma 1800, chigawo chachikulu cha kumpoto kwa kuno, ku Magomero, chinakhala cha A. L. Bruce Estates, ndipo woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pa esiteti ankalipira malo ndi thukuta. Mawu akuti thangata, amene makolo ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya thonje, miyezi yake ikuchita kutalikitsidwa monga mwini munda wafunira. Pamwamba pake panali msonkho wa nyumba. Ambiri mwa ovutikawo anali Alomwe, amene kuyambira cha m'ma 1900 ankawoloka malire m'magulumagulu kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, ndipo poti analibe mudzi wobwererako, ankavomera chilichonse. Njala ya 1912 ndi 1913 inabweretsa enanso ochuluka. Matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Zonsezi tinaphunzira ku sukulu ngati mayankho a mayeso. Kuziganizira uli pawindo la minibasi, ukuona mayi akupalira kamunda kosakwana n'komwe bwalo la mpira, ndi chinthu china.

Ndinatsikira pa mphambano ya ku Nguludi n'kutenga kabaza wa njinga yamoto. "Mayi, gwiritsitsani, msewu uli ndi mabampu," anatero mnyamatayo. Tili m'njira anandilozera kumene kuli mishoni ya Akatolika, imene inatenthedwa pa 26 Januwale 1915, patangotha masiku atatu chiyambire nkhondo ya Chilembwe. Anandifunsa ngati ndikupita kuchipatala cha PIM. Nditamuuza kuti ndikukafuna agogo anga a kalekale, anachepetsa liwiro, ngati kuti nkhani yotere siyenera kuthamangiridwa.

Choyamba kuoneka ku Mbombwe ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa, New Jerusalem Temple, chomangidwa m'nthawi ya Dr Daniel Malekebu. Ida sanachione chimenechi. Chimene iye ankapempheramo chinatha kumangidwa mu 1913, chonyaditsa dera lonse, ndipo patangotha zaka ziwiri asilikali a boma anachiphulitsa ndi mabomba. Zotsalira zake zilipo chapafupi, zibuma za njerwa zomatirirana. Ndinagwada n'kugwira chimodzi. Chinali chozizira, chonyowa ndi nkhungu, ndere zitamera m'mizere ya dothi lomangira. Mabuku amati Chilembwe anamanga tchalitchi. Koma njerwa siumbika popanda madzi, ndipo madzi kwathu kuno amatunga ndi akazi. Pa njerwa iliyonse ya chibumacho panadutsa mtsuko wosenzedwa pamutu kuchokera kumtsinje wa Mbombwe.

Nditazungulira pa chipilala cha chikumbutso ndinatsata kanjira kotuluka m'bwalo la mishoni, ndipo pakhomo lina ndinapeza agogo atakhala pamphasa akusenda nandolo wamuwisi m'lichero. Ndinaodira, anandiyalira chiguduli, tinalonjerana. Ndinayamba kuwathandiza kusenda ndisananene chimene ndadzera, zala zikuchita ulimbo ndi makoko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lichero litafika pakati ndinafotokoza zonse, za bokosi, za funso la mwana wanga, za mzere wa m'buku umene unadula bele. Kenako ndinatulutsa kachitsulo kaja.

Anapukuta manja pachitenje, anakavala ku chala chapakati, n'kuyerekeza kukankha singano m'mwamba. Anaseka pang'ono mokoma mtima. "Mwana wanga, mwavutika ndi ulendo. Kuno mkazi wa abusa ndi Amayi kwa aliyense. Mpaka lero ndi choncho. Nanga mtsikana wogona pakhomo pake, wodya m'mbale yake, akanamutcha ndani?" Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere. "Agogo anuwo akapsa mtima ankalankhula chiyani?"

Ndinakumbukira pomwepo. Amayi aakulu ankatiuza kuti nkhalambayo ikakwiya, kapena ikamabwebweta kutulo, inkalankhula chinenero chimene ana sankachimva, ndipo ukaifunsa m'mawa inkakana. Ankatiuzanso kuti inali yokha m'mudzimo yodziwa kuphika kalongonda, kumuwiritsa tsiku lathunthu ndi kutaya madzi ake kangapo mpaka ululu utatha.

"Basi," anatero agogowo, akubweza kachitsuloko m'dzanja langa n'kulifumbatitsa. "Ameneyo anali wathu, Mlomwe. Anabwera ndi njala. Mwina amake anatsala panjira."

Sindinganene kuti anandipatsa umboni wa pepala, ndipo iwo sananene kuti akundipatsa. Koma zidutswa zimene ndinakhala nazo moyo wanga wonse osadziwa kuti n'za mphika umodzi zinalumikizana pamphasa paja. Mtsikana wa zaka khumi ndi zingapo, wochokera kuseri kwa phiri la Mulanje, wopanda mayi, wopanda malume womuyankhulira, afika pa mishoni ya munthu wakuda pamene pali sukulu ndi chakudya. Mkazi wa m'busa amulandira, amuveka, amuika singano m'manja. M'dziko limene munthu wopanda bele ali ngati mtengo wopanda mizu, mtsikanayo anatenga dzina la amene anamulera n'kuliika pamalo pamene panali posoweka. Sananame. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana naye ali ndi ufulu wonena kuti mayi wa mnzake ngwake.

Kusokako sindikufuna kuti kuoneke ngati kanthu kakang'ono ka pambali pa mbiri yeniyeni. M'masiku amenewo chovala chinali mlandu. Munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo wovala bwino ankaonedwa ngati wodzikweza. N'chifukwa chake Samson Kambalu, popanga chiboliboli chake chotchedwa Antelope chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022, anasankha chithunzi cha 1914 pamene Chilembwe waima pafupi ndi mmishonale John Chorley chipewa chili kumutu. Amuna anali ndi chipewa, akazi anali ndi diresi. Mtsikana amene dzulo lake ankafunda kansalu kamodzi ka biriwita, lero wadula yekha nsalu, wasoka yekha, walowa m'tchalitchi atavala chimene manja ake apanga. Komanso singano inkabweretsa ndalama, ndipo mkazi wokhala ndi ndalama yakeyake sankadikira kuti wina amulipirire msonkho.

Ulusiwo sunayambire pa Ida. Mu 1902 kunafika ku Mbombwe Emma B. Delaney, mayi wakuda wa ku America wophunzira ku Spelman, amene anakhazikitsa ntchito ya amayi pa mishoniyo. Pofika 1906 iye ndi mnzake Landon Cheek anali atabwerera kwawo, ndipo ntchitoyo inatsala m'manja mwa Ida, amene mwana wake wamkazi anali ndi dzina lofanana ndi la mphunzitsiyo. Mnyamata wina wophunzitsidwa ndi Delaney, Daniel Malekebu, anamutsatira ku America, anaphunzira udokotala ku Meharry, ndipo mu 1926 anabwera kudzatsekulanso mishoni pamodzi ndi mkazi wake Flora, wobadwira ku Congo, wophunziranso ku Spelman. Akazi atatuwa panalibe chibale cha magazi pakati pawo, koma ntchito inayenda kuchoka m'manja mwa wina kupita mwa wina ngati mmene munda umayendera m'mbumba.

Pakati pa Ida ndi Flora pali zaka khumi ndi chimodzi za bwinja. Loweruka usiku pa 23 Januwale 1915 Livingstone anaphedwa ku Magomero, mutu wake unabweretsedwa kuno, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso usiku womwewo. Akazi achizungu ndi ana awo anatengedwa koma anamasulidwa osavulazidwa, monga Chilembwe analamulira, ndipo mayina awo ndi zimene anaona zinalembedwa bwinobwino. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa akulowera kumalire a Mozambique. John Gray Kufa, Duncan Njilima ndi ena ambiri anaphedwa ndi boma, mazana anatsekeredwa m'ndende, midzi inatenthedwa, dera lonse linalipitsidwa chindapusa. Akazi a ku Mbombwe anabalalika ndi ana kumsana. Kwa iwo dzina lolembedwa papepala linali msampha, ndipo wanzeru anali amene anadzifafaniza yekha. Zimene boma linalemba nazonso zambiri zinapsa pamene maofesi ake aakulu ku Zomba anayaka moto mu 1919.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kutsitsa mawu kuja. Amayi a agogo anali ndi zobisa ziwiri. Anali wa kwa Chilembwe pa nthawi imene dzinalo linkamangitsa, ndipo anali Mlomwe pa nthawi imene Alomwe ankaitanidwa ndi dzina lonyoza limene sindilemba pano, moti ambiri anasiya chinenero chawo kuti ana asamasekedwe. Chachiwiricho anachikwirira mpaka chinkangotuluka kutulo. Choyambacho sanathe kuchikwirira, poti chinali chokhacho chimene anali nacho chonena kuti naye ali ndi kwawo. Anachinong'oneza kwa mwana wake, mwanayo ananong'oneza kwa ake, ndipo ngakhale dziko litalandira ufulu, Chilembwe n'kusanduka ngwazi ya pa ndalama, kunong'onako kunatsala m'mawu athu ngati chizolowezi cha lilime. Zimandiwawa kuti mkazi amene anayambitsa mudzi wathu anafa akuopa kunena kumene anachokera, ndiponso kuti ife zidzukulu zake tinasunga dzina la womulera n'kutaya lake.

Agogo a nandolo anakana kuti ndichoke chimanjamanja. Anandithirira nandolo m'kajumbo, ine ndinawasiyira shuga ndi sopo zimene ndinanyamula. "Mukawauze amayi anuwo abwere adzaone," anatero pondiperekeza. "Kuno kulibenso asilikali."

Ndinafika ku Chigumula nyale za pamsika zitayatsidwa, ogulitsa chimanga chootcha akukupiza makala m'mbali mwa msewu wa ku Thyolo. Njira yonse ndinkasinkhasinkha mmene ndiwauzire amayi aakulu, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, kuti Ida sanatibereke. Ndinawapeza akuwotha mbaula, mwana wanga atakhala pambali pawo ndi kope lake. Ndinabweza kachitsulo, ndinapereka nandolo ndi moni wa ku Mbombwe, kenako ndinafotokoza pang'onopang'ono, ndikusankha mawu.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Kodi ndani anakuuza kuti anawabereka? Ine ndinati amayi awo." Anatuma mwana kuti akatenge kadiresi kaja, ndipo anakatambasula pamwendo pafupi ndi nyale. "Taona apa." Dzanja lamanja la kadiresiko linali lopindidwa ndi ulusi wosalala, misoko yake ing'onoing'ono yofanana ngati mano a chipeso. Dzanja lamanzere linali ndi misoko yomweyo, ya munthu yemweyo, koma ulusi wake unali wokulirapo ndi wotuwa. Ndinali nditakagwira kangapo osaona kusiyanako.

"Aka ankaphunzirira," anatero. "Nkhondo inawapeza atamaliza dzanja limodzi. Anathawa nako m'chiuno, pamodzi ndi kachitsuloko. Anayenda m'maesiteti, uku atchola tiyi, uku asankha fodya, mpaka anafika kuno mfumu n'kuwapatsa malo. Dzanja linalo anadzamaliza ali ndi pakati pa agogo ako. Agogo ako anabatizidwa atavala kameneka, ine chimodzimodzi. Iwe unali wonenepa, sikanakukwane."

Mwana wanga anali atajambula kale mizere isanu m'kope, kuyambira pansi: dzina lake, langa, la agogo ake, la agogo anga. Mzere wapamwamba unali wopanda kanthu. Anayang'ana amayi aakulu. "Agogo, apa ndilembe Ida?"

Amayi aakulu anakhala chete nthawi yaitali, akusisita kadiresi ndi chala chachikulu. "Ida umulembe pambali, m'malembo aakulu, ndipo ujambule kamzere kolumikiza. Pamzerepo pali mwini wake." Kenako anatchula dzina limene ine, wa zaka makumi anayi, ndinali ndisanalimvepo. Silinali la ubatizo limene lili pamtanda kumanda. Linali la Chilomwe, ndipo anati nkhalambayo inawauza kamodzi kokha, ikudwala matenda omaliza, iwo akuisambitsa. Mwanayo anayesa kulitchula, lilime linapunthwa. Anamubwerezetsa kachiwiri, kachitatu, mpaka linatuluka bwino, ndipo analemba chilembo chimodzichimodzi amayi aakulu akuyang'anitsitsa pensulo.

"Tsekani chitseko," anatero atamaliza, akupinda kadiresi. "Chiperoni chikulowa. Ndipo iwe, ukafunse mtengo wa galimoto ya hayala yopita ku Mbombwe. Pa njinga yamoto ine sindingakwere."